Kodi Chichewa n'chosauka chifukwa chilibe dzina la "jeli"?

Chiyambi

Pa tchuthi cha mwezi wa Juni ndinapita kwathu kwa Mposa, m'boma la Machinga, kunsi kwa mapiri a Chikala. Ndinanyamula kamphatso ka agogo anga aakazi, amene ife timawatchula kuti Anganga popeza kwathuko Chiyao ndi Chichewa zimadyera mbale imodzi. Iwo anali atadandaula kwa nthawi yaitali za kuphwanya kwa mawondo, motero ndisanakwere minibasi ku Zomba ndinawagulira kachubu ka mankhwala opaka. Atakalandira ndi manja awiri anakatembenuzatembenuza, kenaka anandifunsa:

"Kodi amuna anga, zili m'katimu ndi madzi kapena mafuta?"

"Si madzi, komanso si mafuta, Anganga. Ndi jeli."

"Jeli ndiye chiyaninso?"

Apa m'pamene ndinagwira njakata. Ine amene ndakhala zaka zitatu ndikuphunzira za ziyankhulo ndinangoti kukamwa yasa, mawu osatuluka. Anganga anatsegula kachubuko, nafinyira pang'ono pachala, n'kutikita ndi chala chinzake.

"Iii, sukulu yanuyi! Bwanji osangonena kuti n'zoterera ngati therere, koma zozizira?"

Nditabwerera kusukulu ndinawasimbira anzanga nkhaniyi. Onse anaseka, koma mmodzi anati: "Vuto si lako ayi. Chichewa n'chosauka basi. Mzungu ali ndi jelly, gel ndi gelatine, ife tilibe ngakhale liwu limodzi." Ambiri anavomereza. Mawu amenewa ndawamvapo kambirimbiri, ngakhale kuchokera kwa anthu ophunzira bwino, ndipo nthawi zambiri amathera pa mfundo yakuti sayansi ndi zaumoyo sizingaphunzitsidwe m'ziyankhulo zathu.

M'nkhani ino ndikufuna kutsutsa maganizo amenewo pogwiritsa ntchito liwu lomweli la "jeli". Mfundo yanga ndi yakuti kusowa kwa dzina limodzi lofanana ndi la Chingerezi si umphawi. Chiyankhulo chilichonse chimagwira chinthu pamene chikugwirika kwa eni ake. Ena anagwira zinthu zoterezi pa kuzizira, ife tinazigwira pa kuterera, kunanda ndi kuundana. Womasulira amene sazindikira zimenezi angathe kusocheretsa anthu, ndipo pa nkhani za mankhwala kusochera kumeneko kumakhudza moyo.

Kumene liwu la "jeli" linachokera

Tiyambe ndi liwu lenilenilo. Angerezi amene timawasirirawa nawonso anachita kubwereka. Liwu lakuti jelly linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku liwu la Chifalansa lakuti gelée. Pa Chifalansa liwuli limatanthauza chisanu chimene chimaumitsa mame pa udzu, komanso msuzi umene walimba utazizira. Afalansa nawonso analitenga ku mneni wa Chilatini wakuti gelare, kutanthauza kuumitsa ndi chisanu, ndipo mneniyu ndi wa banja limodzi ndi dzina lakuti gelu, chisanu.

Banja la liwuli ndi lalikulu. Muli gelatine, muli congeal, mulinso gel amene akatswiri a sayansi anachita kudula kuchokera ku gelatine m'zaka za m'ma 1800. Ku Italy ayisikirimu amati gelato. Anzathu a kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, ku Mozambique, akamayankhula Chipwitikizi madzi oundana amati gelo, jamu amati geleia, ndipo firiji amati geleira. Akatswiri ofufuza mbiri ya mawu amasonyeza kuti ngakhale mawu a Chingerezi akuti cold ndi cool anaphuka pa muzu wakale womwewo.

Anthu ena a kumaiko ozizira anayenda njira yofanana. Ku Russia amaphika mapazi a ng'ombe kapena a nkhumba kwa maola ambiri, n'kusiya msuziwo pozizira kuti ulimbe. Chakudya chimenechi amachitcha kholodets, kuchokera ku liwu lakuti kholod, kuzizira. Ku Japan, kumene chiyankhulo chawo sichili pa ubale uliwonse ndi Chilatini, ali ndi jeli wopangidwa kuchokera ku zomera za m'nyanja amene amamutcha kanten. Dzinali limalembedwa ndi zizindikiro ziwiri zotanthauza "kuzizira" ndi "thambo", chifukwa ankamuyanika panja m'nyengo yachisanu kuti aundane n'kuuma.

Tikaunika bwino, anthu onsewa sanatchule chinthucho ayi. Anatchula nyengo imene imachipanga. Komanso gelée uja ndi mneni chabe amene anasandutsidwa dzina. Titati timumasulire monga alili, tinganene kuti "choundana". Nanga mneni wakuti kuundana tilibe? Kodi sitinena kuti magazi aundana pabala, mafuta a nyama aundana m'mbale, kapena kuti m'firiji muli madzi oundana? Chimene mnzanga uja ankachiyesa chuma cha Mzungu ndi luso lomwe ife timalichita tsiku ndi tsiku, losandutsa mneni kukhala dzina. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anabwereka liwulo ku chiyankhulo china, motero tanthauzo lake loyamba linabisika, ndipo kwa ife limamveka ngati lozama.

Kumaiko otentha nkhani inali ina. Jeli wochokera ku mafupa ndi zikopa amasungunuka kukangotentha pang'ono, ngakhale m'kamwa momwe. Anthu a ku Malaysia ndi Indonesia ankagwiritsa ntchito zomera za m'nyanja zimene m'chiyankhulo cha Malay amazitcha agar-agar, dzina limene silikhudzana ndi chisanu. Cha m'ma 1881 mayi wina dzina lake Fanny Hesse, amene mwamuna wake Walther Hesse ankagwira ntchito ndi katswiri wa tizilombo toyambitsa matenda Robert Koch ku Germany, analangiza kuti alerere tizilombo pa agar m'malo mwa gelatine amene ankasungunuka m'nyengo yotentha. Mpaka lero malabotale a m'zipatala amagwiritsa ntchito agar, ndipo dzina lake likadali lomwe lija la Chimalay. Palibe amene anati Chijeremani kapena Chingerezi n'chosauka chifukwa chabwereka liwu kwa asodzi a ku Asia.

Therere ndi kuterera

Tsopano tibwerere kwathu. Anganga sanafune dikishonale kuti andiwongole. Anatola therere, ndiwo zimene mwana aliyense wa kwa Mposa amazidziwa. Liwu limeneli lili ndi phunziro labwino kwa ife ophunzira malamulo a chiyankhulo.

Tonse tikudziwa mayina a gulu la Li-Ma monga khasu ndi makasu, phiri ndi mapiri, thumba ndi matumba. Pa dzina lochulukitsa timamva k, p ndi t wamba, koma pa dzina la chinthu chimodzi malembowa amatuluka ndi mpweya wamphamvu, n'kukhala kh, ph ndi th. Mpweya umenewu ndi phazi limene mphatikiri wakale wa gululi anasiya pamene ankazimirira. Tikatenga mneni wakuti kuterera n'kupanga dzina la m'gulu limeneli, t uja asanduka th, ndipo tipeza therere. Motero therere ndi "chinthu choterera". N'chifukwa chake dzinali silili la mbewu imodzi yokha. Pali therere lobala limene timabzala m'munda, pali denje, palinso chewe. Zomera zimenezi n'zosiyana maonekedwe, koma zonse zikaphikidwa ndi chidulo zimaterera ndi kunanda. Makolo athu anaziika m'gulu limodzi potsata zimene dzanja ndi lilime zimamva.

Umboni wina ukuchokera kwa abale athu. M'Chishona cha ku Zimbabwe, gulu lomweli la mayina silionjeza mpweya koma limasandutsa t kukhala d, p kukhala b, ndi k kukhala g. Iwo amati danga ndi matanga, banga ndi mapanga, gomo ndi makomo. Ngati lamuloli ndi loona, therere lathu liyenera kuyamba ndi d m'Chishona. Ndipo zilidi choncho, chifukwa iwo amati derere. Ku Zambia ambiri amati delele. M'Chiswahili kuterera amati kuteleza. Apa tikuona muzu umodzi umene wafalikira m'maiko angapo, monga mmene gelare anafalikira ku Ulaya.

Koma pa ntchito yofufuza chiyambi cha mawu pamafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine poyamba ndinasangalala nditaganiza za ndere, zobiriwira zija zimene zimamera pamiyala ya mumtsinje wa Domasi ndi m'ngalande za m'minda ya mpunga. Nazonso n'zoterera, ndipo liwulo limamveka ngati mphwake wa therere. Koma malamulo a kamvekedwe ka mawu anandibweza. M'Chichewa n akakumana ndi t timapeza nth, monga kutuma ndi nthumwi. Kuti tipeze nd pamafunika l, monga kulima ndi ndime. Choncho ndere sizingachokere mwachindunji ku mneni wakuti kuterera. Kufanana kwa mawu pakhutu si umboni wa ubale, monganso anthu awiri ofanana nkhope pamsika sakhala a mimba imodzi.

Therere si liwu lokhalo limene tili nalo. Chinthu chikamakoka ulusi pochitapa timati chikunanda. Chikakakamira pachala timati chikumata, ndipo apa timakumbukira ulimbo wotchera mbalame ndi utomoni wa mitengo. Phala likamalimba pamoto timati likugwirana. Msodzi wa ku Chilwa akaphonya mlamba sanena zambiri, amangoti waterera. Mwana amene wapeza mazira a achule m'munda wa mpunga amadziwa kuti akutidwa ndi zinthu zoterera zoonekera mkati. Pamwamba pa aneniwa tilinso ndi mvekero. Chinthu chofewa chopindika timati chili tepetepe, chopanda mphamvu yoima chili lobodolobodo, chogwedera chili gwedegwede, chonthunthumira chili njenjenje. Pamene Mngerezi waunjika zonsezi m'thumba limodzi lolembedwa jelly, ife tazisanja m'malichero osiyanasiyana. Kodi wosauka ndani pamenepa?

Mang'ina ndi chinaka

Wina anganene kuti zonse ndatchulazi n'zoterera chabe, si jeli weniweni amene amalimba n'kumadulidwa ndi mpeni. Tiyeni tione zakudya ziwiri.

Choyamba ndi mang'ina. Aliyense amene anaphikapo mapazi a ng'ombe n'kusiya mphika usiku wonse m'mwezi wa Juni kapena Julayi amadziwa zimene amapeza m'mawa. Msuzi uja umakhala utagwirana, ukunjenjemera ukagwedeza mphika. Ameneyu ndi jeli yemweyo wa Afalansa ndi kholodets yemweyo wa ku Russia. M'zikopa, m'mitsempha ndi m'mafupa muli chinthu chimene asayansi amachitcha collagen. Chikawira nthawi yaitali chimasungunukira m'madzi, ndipo madziwo akazizira chimalukanalukana ngati ukonde n'kuwatsekera mkati. Dzina lakuti collagen linachokera ku liwu la Chigiriki lakuti kolla, lotanthauza zomatira, chifukwa kale anthu ankaphika zikopa ndi ziboda kuti apeze guluu. Apa tikuona kuti ngakhale ku Ulaya komweko ena anachigwira chinthuchi pa kumata, monga ife.

Liwu lakuti mang'ina nalonso lili ndi ulendo wake. M'Chizulu mapazi a nyama amati amanqina. Lembo la q likuimira kaphokoso kothetha lilime kamene m'Chichewa mulibe, motero pakamwa pathu nq anasanduka ng'. Mawu a Chizulu anafika kuno ndi Angoni m'zaka za m'ma 1800, ndiponso ndi azibambo amene ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba. Lero palibe amene amaona mang'ina ngati liwu lachilendo. Chimene tiyenera kuzindikira n'chakuti msuzi wa mang'ina sitinaupatse dzina lakelake chifukwa sitiudya wozizira. Timaubwezera pamoto kuti usungunuke, tidyere nsima yotentha. Chinthu chimene anthu sachisunga, sachigulitsa ndiponso sachiitanitsa sichisowa dzina. Mneni amakwanira: msuzi waundana.

Chachiwiri ndi chinaka. Ine ndinachilawa koyamba kusukulu konkuno, mnzanga wa ku Chitipa atabwera nacho kuchokera ku tchuthi. Ku Zambia amachitcha chikanda. Chimapangidwa kuchokera ku timizu tonga mbatata ta maluwa a kuthengo amene pa Chingerezi amati orchid, omera m'madambo ndi m'mapiri ozizira. Timizuto amatisinja, n'kutiphika ndi nsinjiro, mchere ndi chidulo kapena soda, mpaka zonse zitagwirana n'kukhala chinthu cholimba chodulika ngati nyama. Jessie Williamson analemba za chakudyachi m'buku lake la zomera zothandiza za dziko lino limene linatuluka mu 1955. Chimene chimalimbitsa chinaka si chisanu ayi, koma moto ndi chidulo, zimene zimagwira ntchito pa chinthu cha m'timizuto chotchedwa glucomannan. Anthu a ku Japan amachita chimodzimodzi ndi muzu wina popanga chakudya chotchedwa konnyaku. Chinaka chili ndi dzina lakelake chifukwa ndi chakudya chimene anthu amachifuna, kuchiphika mwadala ndi kuchigulitsa. Malonda ake anakula kwambiri moti maluwawo anayamba kuchepa, ndipo mu 2005 dziko la Tanzania linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo makamaka pofuna kusamala maluwa.

Zakudya ziwirizi zikutiphunzitsa lamulo limodzi. Anthu amapereka dzina pa chinthu chimene ali nacho ntchito. Pamene panali ntchito, dzina linapezeka. Pamene panalibe, mneni anagwira ntchitoyo. Kuyeza chuma cha chiyankhulo powerenga mayina amene akufanana ndi a Chingerezi kuli ngati kuyeza chuma cha msodzi wa ku Chilwa powerenga ng'ombe.

Zimene otsutsa anganene

Sindikufuna kudzinamiza. Mnzanga uja ali ndi mfundo imene sitingaithawe. Masiku ano zinthu zamtunduwu zachuluka. Muli jeli wa m'tsitsi, jeli amene amapaka pamimba ya mayi woyembekezera pomuunika ndi makina, jeli wopha tizilombo m'manja amene tinamudziwa bwino m'nthawi ya Covid-19 mu 2020, ndi mankhwala opaka ngati a Anganga aja. Wogulitsa m'sitolo ndi namwino akufuna dzina lalifupi. Sangalembe pabotolo kuti "tepetepe". Izi n'zoona.

Yankho langa ndi lakuti tibwereke, ndipo tabwereka kale. Liwu lakuti jeli lavala kale malaya a Chichewa. Lili ndi maphatikizo awiri othera ndi lembo la liwu monga mawu athu onse, ndipo ambiri timati "jeli wanga", "jeli uyu", monga timanenera sopo wanga ndi shuga uyu. Kubwereka si manyazi. Nsapato, kalata ndi mbatata tinatenga kwa Apwitikizi. Buku ndi sukulu tinatenga kwa Angerezi. Nawonso Angerezi therere lobala amalitcha okra, liwu lochokera ku Chiigbo cha ku Nigeria, ndipo ku America msuzi wa therere amautcha gumbo, liwu limene linawoloka nyanja ndi akapolo ochokera kudera la Angola. Paja mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Sindigwirizana ndi anthu amene amafuna kupeka liwu lalitali la Chichewa "chenicheni" limene palibe adzalinene pamsika wa ku Liwonde.

Koma sindigwirizananso ndi anthu amene amaganiza kuti ukangolemba "jeli" ntchito yatha. Kwa ine amene ndinapita kusukulu liwuli lili ndi tanthauzo. Kwa Anganga linali phokoso chabe mpaka pamene analilumikiza ndi therere. Liwu lobwereka lili ngati mkamwini watsopano pamudzi. Amafunika womulondolera ndi womudziwitsa kwa eni mudzi asanayambe kutumidwa ntchito.

Palinso msampha wina umene tiyenera kuupewa, wodzitama kuti popeza tili ndi aneni ndi mvekero zambiri ndiye kuti timaona dziko mozama kuposa ena. Laura Martin mu 1986 ndi Geoffrey Pullum mu 1989 anasonyeza kuti nkhani yotchuka ija yakuti anthu a ku Arctic ali ndi mawu mazanamazana a chipale chofewa inali yokokomeza. Kuwerenga mawu pofuna kunyoza chiyankhulo ndi kuwerenga mawu pofuna kuchitamanda ndi kulakwa kofanana. Chimene ndikunena ine n'chakuti ziyankhulo zimagawa ntchito mosiyana pakati pa mayina, aneni ndi mvekero.

Nanga maganizo akuti ndife osauka amachokera kuti? Ndikuona kuti mbali ina amachokera ku mmene timagwiritsira ntchito madikishonale. Tili ndi mabuku ofunika, kuyambira dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya mu 1892 mpaka Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000 umene unakonzedwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba. Koma wophunzira akapatsidwa ntchito yomasulira amafuna dzina pa dzina, mneni pa mneni. Akapanda kupeza dzina amati palibe. Mbali ina ndi yakuti timachita manyazi ndi mvekero. Clement Doke anazilongosola bwino mu 1935 monga gulu lofunika la mawu m'ziyankhulo za Chibantu, koma ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti malo ake ndi m'nthano ndi m'ndakatulo basi, osati m'chimangirizo cha maphunziro. Tinatsekera m'nyumba zida zathu zakuthwa, kenaka n'kumadandaula kuti tilibe zida.

Pamene liwu likhudza moyo

Wina angafunse kuti kodi zonsezi zili ndi phindu lanji kunja kwa kalasi. Ndipereka zitsanzo ziwiri.

Choyamba chikukhudza nkhondo yolimbana ndi Edzi. Pa Chingerezi mafuta odzola monga Vaseline amatchedwa petroleum jelly. Robert Chesebrough anaona phula lake pa zitsime za mafuta ku Pennsylvania mu 1859, ndipo mu 1872 analembetsa njira yake yowayengera. Palinso zoterezera zina zopangidwa ndi madzi, zimene nazonso zimatchedwa jelly kapena gel. Zinthu ziwirizi zili ndi dzina limodzi koma ntchito yake pa kondomu ndi yosiyana kotheratu. Chilichonse chokhala ndi mafuta chimafoola mphira wa kondomu moti angathe kung'ambika, pamene chopangidwa ndi madzi sichiononga. Tsono taganizani za womasulira amene walemba kuti "mungathe kupaka jeli", kapena choipa koposa, "mungathe kupaka mafuta oterezera". Wowerenga wa kumudzi adzatenga botolo limene lili pawindo, ndipo adzakhala atatsata malangizo monga anawamvera. Apa Chingerezi chenichenicho ndi chimene chili ndi chisokonezo, chifukwa chaika zinthu ziwiri m'thumba limodzi. Funso la Anganga lija, lakuti ndi madzi kapena mafuta, ndilo funso lenileni la sayansi pa nkhani imeneyi.

Chachiwiri chikukhudza makanda. Pali mankhwala otchedwa chlorhexidine amene amapakidwa pamchombo wa mwana wobadwa kumene pofuna kupewa matenda, ndipo amapezeka amadzimadzi kapena a jeli. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza kuti m'maiko angapo a mu Africa mankhwalawa anaikidwa m'maso mwa ana molakwitsa, ndipo ena anachita khungu. Chifukwa chachikulu chinali chakuti timabotolo ndi timachubu take tinkafanana ndi ta mankhwala a m'maso. Sindikunena kuti mawu okha akanathetsa vutoli. Koma nkhaniyi ikutikumbutsa kuti kutchula maonekedwe a mankhwala sikukwanira. Mayi ayenera kumva m'chiyankhulo chake kuti apake pati, ndiponso kuti asayerekeze kupaka pati.

Choncho ndikupempha anzanga amene mawa tidzakhale omasulira m'mabungwe, m'zipatala ndi m'nyumba zoulutsa mawu kuti tikakumana ndi liwu ngati limeneli tizidzifunsa mafunso atatu. Kodi chinthuchi chapangidwa ndi chiyani? Kodi chikumveka bwanji pachala? Kodi chigwiritsidwe ntchito pati? Tikayankha mafunsowa tidzalemba kuti "jeli woterera wopangidwa ndi madzi, wopanda mafuta", kapena "mankhwala ogwirana ngati phala, opaka pamchombo pokha, osati m'maso". Mawuwo atalikirapo, koma pepala ndi lotsika mtengo kuposa diso la mwana. Tikatha kulemba tisathamangire kosindikiza. Tikawerengere kaye anthu amene uthengawo ukuwapitira, makamaka m'madera ngati kwathu kumene ambiri Chichewa amachimva ndi khutu la Chiyao kapena la Chilomwe. Paja safunsa anadya phula.

Kwa aphunzitsi athu ndili ndi pempho limodzi. Pa tchuthi muzititumako kukatolera mawu kwa amayi ophika, asodzi, azamba ndi oumba mbiya. Mawu ofotokoza kufewa, kulimba, kuterera ndi kumata ali pakamwa pa anthu amenewa, ndipo wophunzira amene wakhala nawo pansi kwa sabata imodzi sangabwerere kuno akunena kuti chiyankhulo chake n'chosauka.

Mawu omaliza

M'nkhani ino ndasonyeza kuti liwu lakuti jelly linachokera ku mneni wotanthauza kuundana ndi chisanu, kuti ziyankhulo zina zinatchula zinthu zoterezi potsata kuzizira, kumata kapena chomera chimene zachokera, ndiponso kuti Chichewa chimazitchula potsata kuterera, kunanda ndi kugwirana. Ndavomereza kuti liwu lobwereka lakuti jeli tikulifuna, koma ndatsindika kuti liyenera kuyenda limodzi ndi mawu athu ofotokoza. Tsiku lija kwa Mposa chimene chinasowa si liwu m'Chichewa. Ine ndi amene ndinali wosauka, chifukwa ndinkafunafuna dzina la Chingerezi lovala Chichewa m'malo moyang'ana chimene chinali pachala.

Sabata yatha Anganga anandiimbira pa foni ya azakhali. Titalonjerana anati: "Amuna anga, jeli wanga uja watha. Mukamabwera musaiwale wina, koma akhale woterera yemwe uja, osati wamafuta."